Ndikupita ku London masiku 6, ndikathamange kuti?

Nthanda: Moni nonse. Sabata yachiwiri ya Novembala ndikupita ku London pa nkhani za ntchito, Lachiwiri mpaka Lamlungu. Hotela imene andipezera ili pafupi ndi siteshoni ya Paddington. Misonkhano izidzayamba 9 koloko n'kutha madzulo, ndiye mpata wanga ndi wa m'mamawa basi, kupatula Loweruka lomwe ndili mfulu tsiku lonse. Ndimathamanga makilomita 8 kapena 10 katatu pa sabata ndipo sindikufuna kudukiza. Koma zoti ndikakhale pa makina othamangirapo a mu hotela, maso ali pakhoma, chonsecho panja pali mzinda umene sindinauonepo, mtima wanga ukukana. Inu amene munafikako, ndilowere kuti? Ndikufuna malo oti maso adyeko, komanso oti mkazi ali yekha asamathamange mtima uli m'mwamba.

Kamba: Achemwali, mwagwera pabwino. Mukatuluka pa Paddington n'kulunjika kum'mwera, mphindi 10 zokha pa mwendo mwafika pa siteshoni ya Lancaster Gate, ndipo tsidya lina la msewu ndi paki kale. Mulowera pa Italian Gardens, pamene pali akasupe oponya madzi m'mwamba, ndipo pomwepo mpamene pamayambira kanyanja kokumba. Kumtunda kwake amakatchula Long Water, mukapitirira mlatho dzina limasintha n'kukhala Serpentine. Anakakumba mu 1730 atalamula Mfumukazi Caroline. Kuzungulira madzi onsewo ndi makilomita 3 ndi kanthu. Mukafuna mtunda wokwanira, tsatani m'mphepete mwa mapaki awiriwo, Kensington Gardens ndi Hyde Park, poti ndi ogundana. Pofika pamene munayambira wotchi idzakhala ikusonyeza pafupifupi makilomita 7.

Zipata zake sizitsegulidwa nthawi imodzi. Hyde Park amatsegula 5 koloko m'mawa, Kensington Gardens 6 koloko, ndipo iyoyo amaitseka kukangoyamba mdima. Ine tsiku loyamba ndinafika 5:30 mbali ya Kensington n'kupeza chipata chili chokhoma, ndiye ndinatsata mpanda chakum'mawa mpaka ndinapeza polowera mbali ya Hyde Park.

Koma chimene ndikufunitsitsa mukaone ndi mahatchi. Kum'mwera kwa Serpentine kuli kanjira ka mchenga kotakasuka, Rotten Row. Asilikali olondera mfumu ali ndi makola awo pafupi pomwepo, ku Knightsbridge, ndipo m'mamawa amatulutsa mahatchi kukawongola miyendo. Kukakhala kozizira, nthunzi imatuluka m'mphuno mwawo ngati utsi. Ndinaima chilili, kuiwala kuti wotchi ikuyenda. Pang'ono kutsogolo kwake mudzapeza anthu akusambira m'madzi ozizirawo, ena okalamba ndithu, akutuluka matupi atafiira psuu.

Nthanda: Bambo, mwandisangalatsa. Sindimadziwa kuti paki ili pafupi chonchi. Nanga kuwala? Ndikatuluka 6 koloko kudzakhala kutacha?

Kamba: Ayi. Pakati pa Novembala dzuwa limatuluka itadutsa pang'ono 7 koloko, ndipo limalowa isanakwane 4:30 madzulo. Kumayamba kuyera cha m'ma 6:40. Mukanyamuka nthawi imeneyo mudzalionera m'njira likutuluka, ndipo 8 koloko mudzakhala mwabwerera.

Mbawala42: Hyde Park ndi yabwino, sindikutsutsa madala, koma ndi yafulati ngati tebulo, ndipo masiku awiri mudzatopa nayo. Kumpoto kwa Paddington, pafupi zedi, kuli Little Venice, pamene pamakumana ngalande ziwiri. Tsatani Regent's Canal chakum'mawa. Pa Maida Hill madzi amalowa kunsi kwa nthaka ndipo mulibe njira ya wapansi, ndiye mumakwera kumsewu n'kukatsikiranso kutsogolo. Ngalandeyo ikufikitsani ku Regent's Park. Msewu wozungulira pakiyo, Outer Circle, ndi makilomita 4 ndi theka osakwana bwino, wosalala, wabwino kuyesera liwiro. Mbali ya kumpoto kuli London Zoo, moti tsiku lamwayi mumaona mitu ya akadyansonga itasuzumira pamwamba pa mpanda inu muli pamsewu. Mukatero wolokani mukakwere Primrose Hill. Ndi kaphiri kakang'ono, mamita 63 okha, koma pamwamba pake mzinda wonse uli poyera: chigudumu chokwerapo anthu cha London Eye, chinyumba chachitali cha The Shard, ndi tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Ine ndimakwera kasanu, kutsika mwapang'onopang'ono, kukweranso. Miyendo imadziwa kuti yagwira ntchito.

MakeMapasa: Achimwene, ngalandeyo ayi, makamaka kwa munthu wachilendo kusanache. Ndilankhule monga mkazi mnzake. Kanjira kake n'kopapatiza, mbali ina khoma mbali ina madzi, ndipo malo ambiri mulibe magetsi. Kunsi kwa milatho mumachita kuwerama ndipo simuona amene akubwera. Nthawi ya m'mawa anthu a njinga amadutsa momwemo popita kuntchito. Ine ndinali nditatseka makutu ndi nyimbo, belu sindinalimve, njinga inangotulukira pansi pa mlatho n'kundikhudza chigongono. Ndinagwira khoma, apo ayi ndikanagwera m'madzi. Kuwonjezera apo Novembala ndi nthawi imene masamba amayoyoka, ndipo akanyowa amaterera ngati sopo. Dzuwa likatuluka pitani, n'kokongola ndithu, mabwato opaka utoto ali ndondondo m'mphepete, ena akufuka utsi poti anthu amagona momwemo. Koma kukadali mdima sankhani malo a magetsi ndi anthu, ndipo khutu limodzi lizikhala lotsegula.

Mbawala42: Pamenepo mwanena zoona mayi. Ine ndinapitako mu Juni, pamene 5 koloko kumakhala kutayera kale. Za mdima sindinaziganizire.

Wamtsinje: Nthanda, ndikupatseni njira imodzi yomwe ndimauza aliyense, ndipo mukangoichita kamodzi mudzati London mwamuona. Imafuna kudzuka msanga chifukwa pobwerera mumakwera sitima.

Yambirani pa Lancaster Gate pomwe anena a Kamba. Dutsani Hyde Park mopingasa mpaka pa ngodya ya kum'mwera chakum'mawa, Hyde Park Corner. Pamenepo pali maloboti angapo, dekhani nawo. Mudutsa pansi pa chipata chachikulu cha Wellington Arch n'kutsetsereka ndi Constitution Hill, Green Park ili kumanzere kwanu, mpaka mutulukira kutsogolo kwa nyumba yachifumu, Buckingham Palace. Masana pamenepa sipapondeka, anthu amakhala ali thithithi ndi makamera. Nthawi ya 7 koloko m'mawa mudzapeza apolisi, osesa ndi othamanga anzanu basi. Lowani mu St James's Park, tsatani kanyanja kake, ndipo pa kamlatho ka pakati imani pang'ono: mbali ina nyumba yachifumu, mbali ina London Eye. Mu pakimo mumakhala avuwo, ndipo akhalamo kuyambira 1664 pamene kazembe wa ku Russia anapereka oyamba ngati mphatso kwa mfumu. Mukatuluka kum'mawa mwafika pa nyumba ya malamulo ndi wotchi yake yaikulu, Big Ben. Kufika apa mwathamanga pafupifupi makilomita 5, ndipo mbali yaikulu munali pansi pa mitengo.

Tsopano wolokani Westminster Bridge, tsikani masitepe kumanzere, ndipo mtsinje wa Thames ukhale kudzanja lanu lamanzere mpaka kumapeto. Simungasochere. Mudutsa kunsi kwa London Eye, kenako Tate Modern, chinyumba cha njerwa chomwe kale chinali chopangira magetsi. Pamenepo pali mlatho wa oyenda pansi okhaokha, Millennium Bridge. Kwerani mpaka pakati, St Paul's idzakhala ikukuyang'anani maso ndi maso, denga lake lili ngati nkhali yovundikira. Bwererani tsidya lomwe munali. Chakufupi ndi London Bridge njira imachoka kumtsinje pang'ono n'kulowa m'tinjira ta miyala yoyala, samalani akakolo. Mukatulukiranso kumadzi muona sitima yankhondo yakale, HMS Belfast, itaima, ndipo kutsogolo kwake Tower Bridge. Kuchokera pa Westminster ndi makilomita ngati 4. Wolokani Tower Bridge, kwerani sitima ya Circle line pa siteshoni ya Tower Hill, ikakutsitsani pa Paddington.

China chimene chimadabwitsa alendo: Thames pamenepa amadzaza ndi kuphwa ngati nyanja yamchere, kawiri pa tsiku, ndipo madzi amatha kukwera kapena kutsika mpaka mamita 7. Tsiku lina mupeza madzi akugunda khoma, lina mupeza matope ndi miyala, mbalame zikutolatola pansi.

Mbawala42: Pa Tower Bridge ndimachita tsembwe. London Marathon imadutsa pomwepo anthu atatsala pang'ono kufika theka la mtunda. Mpikisanowu unayamba mu 1981, ndipo mu 2023 malemu Kelvin Kiptum wa ku Kenya anaumaliza mu 2:01:25. Mukamawoloka mudzakumbukire kuti mukuponda pamene anaponda iyeyo. Koma a Wamtsinje, njira yanuyi ili ndi kuimaima kwambiri. Maloboti, zithunzi, masitepe. Kumeneko ndi kuona malo, thupi silipindula kwenikweni.

Kamba: Mwana wanga, ndikuyankhe ndine. Ndathamanga zaka zoposa 30 ndipo ntchito yanditengera m'mizinda ingapo. Liwiro limene ndinathamanga ku mizinda imeneyo ndinaliiwala lonse, koma zimene ndinaona zikadali m'maso. Sabata imodzi yothamanga mofatsa sichotsa mphamvu zimene munthu wamanga miyezi yambiri. Masiku oyesa liwiro ndi ambiri, pomwe achemwaliwa mwina ku London sadzapitanso posachedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso thupi limene lakhala mu ndege usiku wonse, tulo tosakwanira, madzi ochepa, n'kulipatsa liwiro pa chisanu, ndi mmene minofu ya kuseri kwa ntchafu imakokekera.

Mbawala42: Ndamva madala. Komabe tsiku limodzi lokha akakwere Primrose Hill. Akapumire pamwamba, aone mzinda, zonse ziwiri zitheka.

Kamba: Pamenepo tagwirizana.

Mphunzitsi Wopuma: Pepani ndipatukeko pang'ono, poti ena amene akuwerenga ulendo wawo ndi wa kwina. Zimene anena a Wamtsinje zoti madzi akhale kudzanja limodzi zimagwira ntchito pafupifupi mzinda uliwonse. Ku Tokyo anthu amazungulira ngalande ya nyumba ya mfumu, makilomita 5 opanda loboti ngakhale imodzi, ndipo onse amalowera mbali imodzi, nyumbayo ili kumanzere kwawo. Ku New York, mkati mwa Central Park, muli damu lomwe kulizungulira ndi makilomita 2.5, nakonso amalowera mbali yomweyo, ndipo nyumba zitalizitali zimaoneka m'madzi. Mukafika malo otere yambani mwaima, muone mmene eni ake akuyendera, kenako lowani mumzere.

Koma pamalo onse amene ndinathamangapo, mtima wanga unatsala ku Karura Forest ku Nairobi. Ndi nkhalango yeniyeni mkati mwa mzinda, mahekitala oposa 1,000, yotchingidwa ndi mpanda, ndipo polowa mumalipira. Njira zake ndi za dothi lofiira, zofewa ku mawondo, zili ndi zikwangwani za makilomita 5, 10 ndi 15. Muli mathithi, mapanga, anyani akudumpha m'mitengo, phokoso la magalimoto limangozimiririka. Nkhalangoyi ikanatha kale, anthu anali atayamba kugawana malo oti amangepo nyumba. Wangari Maathai ndi anzake anakana, ndipo mu Januwale 1999 anamenyedwa mpaka kuvulala m'mutu atapita kukabzala mitengo kumeneko. Mu 2004 analandira mphoto ya Nobel. Ndinkathamanga pansi pa mitengoyo ndikuganiza za mayi ameneyu, kuti mthunzi umenewu unagulidwa ndi magazi.

Chenjezo kwa opita ku Nairobi kapena Johannesburg: mizinda imeneyi ili pamwamba, mamita 1,700 kapena kuposerapo. Mpweya umene mumakoka umakhala ndi okosijeni wochepa, ndiye ngati mwachokera kumalo otsika mtima umagunda msanga ndipo befu amabwera pa mtunda umene simutopa nawo masiku onse. Si matenda. Chepetsani liwiro masiku oyambirira, imwani madzi.

Nsapato Ziwiri: Cape Town musaiiwale aphunzitsi. Sea Point Promenade. Mumayambira pa nsanja younikira sitima ya mizere yofiira ndi yoyera ku Mouille Point, nyanja ya Atlantic kudzanja lamanja, Lion's Head kutsogolo chakumanzere, Robben Island ikuoneka patali. Mafunde akakula amalumpha khoma n'kukuwazani. Anthu amakhalapo ambiri m'mawa ndi madzulo omwe. Koma njira za m'phiri, kaya Lion's Head kaya Table Mountain, musapite nokha, pezani gulu.

Nthanda: Mwandipatsa chilakolako cha maulendo ena amene sindinawakonze n'komwe! Ndibwerere ku London: Loweruka ndichite chiyani? Ndipo ndivale chiyani, poti chisanu chotero sindinathamangemo?

MakeMapasa: Zovala: malaya a manja aatali opepuka, kajekete kotchinga mphepo ndi mvula yowaza, thalauza yothina yothamangira, magolovesi ndi kachipewa kophimba makutu. Zala ndi makutu ndi zomwe zimavutika, thupi lonse limatenthedwa pakangotha mphindi 10. Mukamatuluka muzimva kuzizira pang'ono, mukatuluka mukumva kufunda ndiye kuti mwavala zambiri ndipo thukuta likakuzizirani m'sitima pobwerera. Valani chowala kuti oyendetsa akuoneni.

Foni muiike m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Ku Berlin ndinathamanga mu Tiergarten m'nyengo yozizira foni ili m'manja, batire inali pakati, koma chisanu chinaizimitsa mwadzidzidzi. Ndinatulukira chipata china, misewu yonse ikufanana, dzina la msewu wa hotela sindimatha kulitchula bwino. Ndinazungulira pafupifupi ola lathunthu thukuta likuuma pathupi, mpaka mayi wina woyenda ndi galu anandiperekeza. Kuyambira tsiku limenelo ndimatenga kakhadi ka hotela ndi khadi ya kubanki m'thumba, ndipo ndimauza munthu kumene ndalowera ndi nthawi yobwerera.

Powoloka msewu yang'anani mbali zonse ziwiri nthawi zonse. Ku London, Tokyo, Nairobi ndi Cape Town magalimoto amayenda kumanzere, ku Berlin, Paris ndi New York kumanja, ndipo munthu akatopa khosi limatembenukira kumene linazolowera. Ku London anachita kulemba pansi pa malo ambiri owolokera kuti muyang'ane mbali iti, muziwerenga.

Mbawala42: Loweruka ndi parkrun, kuthamanga kwa pagulu kwa sabata ndi sabata, palibenso funso. Makilomita 5, ulere, 9 koloko m'mawa. Ndipo muli ndi mwayi wopita kumene zinayambira: Bushy Park, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda. Paul Sinton-Hewitt anayambitsa mu Okutobala 2004 ndi othamanga 13 okha, lero pamalo omwewo pamabwera anthu oposa 1,000 Loweruka lililonse, ena ochokera kumayiko akutali. Lembetsani pa intaneti musananyamuke, akupatsani barcode yanu, mukaonetse pomaliza. Sitima yake mumakwerera pa Waterloo n'kutsika pa Teddington.

Wamtsinje: Parkrun imapezeka m'mayiko ambiri, mungathe kudzaichita kwina. Ine ndikanati Richmond Park. Kwerani District line mpaka Richmond, thamangani chikweza cha Richmond Hill, ndipo pamwamba pake tembenukirani kumanja muone Thames akukhota pakati pa madambo ndi mitengo. Malo amenewo anawateteza ndi lamulo mu 1902 kuti maonekedwe ake asaonongeke. Chipata cha paki chili patsogolo pang'ono. Mkati muli njira ya dothi ndi timiyala yozungulira paki yonse, Tamsin Trail, pafupifupi makilomita 12, ya zitunda ndi zotsetsereka. Mfumu Charles I inamanga mpanda wake mu 1637 kuti izisakiramo, ndipo mpaka lero muli agwape pafupifupi 600 ongoyenda okha. Pafupi ndi Pembroke Lodge pali kachulu kotchedwa King Henry's Mound. Mukasuzumira pa kampata ka m'mitengo muona St Paul's pa mtunda wa makilomita 16, ndipo palibe amaloledwa kumanga nyumba yotchinga mzere umenewo.

Agwapewo musawayandikire. Lamulo la pakiyo ndi mamita 50. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala amphongo amakhala akulimbirana zazikazi, amabangula ndi kugundana nyanga, ndipo akhoza kuthamangitsa munthu. Akatseka njira, zungulirani patali. Komanso mu Novembala amachepetsa chiwerengero chawo usiku, ndiye zipata amatsegula 7:30 m'mawa. Musalawirire kwambiri.

Nthanda: Zikomo nonse, ndalemba zonse m'kabuku. Ndidzakuuzani mmene ndayendera.

Nthanda: Ndabwerako abale anga, ndipo ndasunga lonjezo. Lachitatu ndinazungulira Serpentine mofatsa monga ananenera a Kamba. Panali nkhungu yopyapyala pamwamba pa madzi, atsekwe akulira, magetsi a m'njira akadali oyaka. Lachinayi kunagwa mvula yamphamvu, sindinatuluke. Lachisanu ndinachita njira ya a Wamtsinje yonse. Kutsogolo kwa Buckingham Palace tinalipo anthu osakwana 10. Ndikukwera Westminster Bridge, Big Ben analiza 7 koloko, kulira kwake ndinakumva m'chifuwa. Madzi anali ataphwa, ndipo pa Millennium Bridge dzuwa linali litangoyamba kumenya denga la St Paul's. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinakonzera, moti ku msonkhano ndinalowa tsitsi likadali lonyowa.

Loweruka ndinasankha Richmond, achimwene a Mbawala mundikhululukire, ndipo Primrose Hill ndinakakwera Lamlungu m'mawa ndisanapite ku bwalo la ndege, katatu. Ku Richmond ndinamaliza njira yonse. Chapakati, pamalo a zitsamba zofiirira zofika m'chiuno, gwape wamphongo anadzuka chapatali, nyanga zake zitakola udzu wouma. Anandiyang'ana, ine ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kudzera njira ina. Mayi MakeMapasa, magolovesi aja anandipulumutsa.

Kamba: Mwachita bwino achemwali. Nanga mahatchi aja munawaona?

Nthanda: Ndinayamba kuwamva ndisanawaone, bambo. Zitsulo za pakamwa zikulira ngwerengwere mu nkhungu, kenako anatulukira awiriawiri, akuda bii, nthunzi ili tolotolo m'mphuno. Ndinawerenga mpaka 14, otsalawo ndinangowayang'ana.